Sitima Yomwe Inakocheza ku Kanyama

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawauza amayi anga ondibereka kuti ndilibe mayi. Ndinawauza pafoni, anthu akumva, osaphethira n'komwe. Amene amandidziwa lero amati ndine wapakamwa, ndipo sindiwatsutsa. Koma pakamwa panga sipanalavulepo mawu oipa kuposa amenewo, ndipo chilango chimene ndinalandira pa mawuwo ndimachimvabe m'mawondo mpaka lero.

Tinkakhala ku Kanyama, komboni ina ya mumzinda, m'nyumba ya mabuloko ya zipinda ziwiri. Za bambo sindinena zambiri, chifukwa nawonso sanachite zambiri; anachoka ndili kumsana. Amayi ankayala mabedi pa hotela ina m'tauni, mpaka pamene anapeza ntchito yomweyo pa sitima yaikulu ya panyanja yamchere, ya zija zonyamula azungu opita kokapuma, zozungulira zilumba za ku Karibiyani. Anati akakhala miyezi isanu ndi inayi. Anandisiya m'manja mwa akulu awo, ba Enelesi, mayi wogulitsa makala, wa mpingo, amene chikondi chawo chinkadzera m'kukalipa.

Sitimayo inkayenda njira imodzimodzi ngati minibasi, kupita ndi kubwerera. Pakatha milungu iwiri iliyonse, tsiku Lachinayi, inkakocheza pa tauni ina ya pachilumba imene dzina lake linkatipinda lilime, ndiye ife tinkangoti kudoko. Kumeneko kokha ndi kumene amayi ankaimbirako foni, chifukwa intaneti ya m'sitima inali yodula komanso yodukaduka. Kumeneko kukakhala masana, kwathu kuno dzuwa linkakhala likulowa. Foni ya ba Enelesi inkalira cha m'ma sikisi koloko, ndipo miyezi yoyambayo ndinkaithamangira mpaka kugwetsa ndowa. Nthawi zonse amayi ankalankhula akupuma mwawefuwefu, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka ng'oma zachitsulo. Ine ndinkangoti ndiye kuti akuchokera kovina.

Chithunzi chinabwera pakati pa dzinja. Amene anakhalako ku Kanyama nthawi ya mvula akudziwa zimene ndikunena. Madzi sapita kulikonse, amangokhala, n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi, n'kusanduka obiriwira. Mlungu umenewo tinkakapa madzi m'nyumba ndi mbale, mabulangete tinawakweza pa tebulo, ndipo popita kusukulu ndinkadumpha pa miyala ndi mabuloko amene anthu anandandalika m'njira. Tsiku lina ndinaterereka. Nsapato yanga ya kumanja inatsala m'matope, ndipo poitulutsa inali itayasama kukamwa.

Madzulo a tsiku lomwelo ba Enelesi anandionetsa chithunzicho. Amayi anali ataima patsogolo pa nyumba yachikasu yokhala ndi mawindo obiriwira, atavala chipewa chachikulu chamlaza ndi magalasi akuda, m'manja muli kokonati wokhala ndi kapaipi komwera. Kumbuyo kwawo kunali nyanja yoyera moti mchenga wapansi unkaoneka. Ankaseka mano onse panja. Ndinayang'ana madzi amenewo, ndinayang'ana madzi amene ndinaimamo m'nyumba mwathu.

Ba Enelesi, mwa kunyada kwawo, anakachitsukitsa chithunzicho n'kumachionetsa kwa aliyense pa mpope. Azimayi a pa mpope sasowa chonena.

"Ba mami bako bali pa holide, mwaiche, iwe ukusambila m'matope," anatero mayi wina akundithandiza kusenza chigubu. "Ukazamva ati bakwatiliwa na muzungu, usadabwe."

Anzake anaseka. Ine sindinaseke, ndinasunga chakukhosi mpaka Lachinayi.

Foni italira, ba Enelesi anayamba alankhula okha, kenaka anandiitana. Pakhomo panali anthu awiri odzagula makala.

"Tisa, bwela, ba mami bako bafuna kukamba na iwe."

Ndinailandira. Ng'oma zija zinkamveka, ndipo amayi ankapuma monga mwa nthawi zonse.

"Mwana wanga, uli bwanji? Waiona foto? Namvela ati nsapato zako zaonongeka."

"Musavutike," ndinayankha. "Nkhalani kwamene uko na bazungu banu, muzimwa makokonati. Ine nilibe mai."

Ng'oma zokha ndi zimene zinapitiriza. Kenaka ndinamva kulira kwa hutala ya sitima chapatali, foni n'kuduka. Khofi la ba Enelesi linandipeza ndisanaiike n'komwe pansi.

"Mako ni mako angachepe mwendo!" anakuwa.

"Mwendo wabo siunachepe," ndinatero ine, tsaya likuyaka. "Ni utali maningi, ndiye chifukwa bafika kutali."

Khofi lachiwiri linagwera tsaya linalo. Sindinalire, ndipo ndinagona ndikudziona ngati ndapambana.

Lachinayi la sitima lotsatira foni inalira nthawi yake yomweyo. Ndinali nditakonza kale mawu okanira. Koma palibe amene anandiitana. Ba Enelesi analankhula za mvula, za mpingo, za maliro a kwa aneba, kenaka anati, "Chabwino, tizakamba," n'kuika foni chafufumimba pa tebulo, n'kutuluka kukakoleza mbaula. Amayi sanandifunse. Lachinayi linalo chimodzimodzi, ndi linalo. Ndinayamba chizolowezi chosesa m'nyumba nthawi imeneyo, kuti ndikhale pafupi popanda kuoneka ngati ndikudikira. Ba Enelesi akatuluka, ndinkatsala ndekha ndi tsache langa, ndikung'ung'udza. Ndinkati asabwerenso. Ndinkati mayi wanji wosafunsa mwana wake. Tsiku lina ndinafika ponena mokweza kuti bola sitimayo imire, tione ngati chipewa chija chiwapulumutse. Masiku ena ndinkangoimba nyimbo za kusukulu, ndipo kamodzi ndinakhala pansi pafupi ndi tebulo n'kulira mpaka mamina. Zinatero kwa miyezi inayi.

Munthu mmodzi yekha amene ndinkamukonda masiku amenewo anali amalume Yotamu, mlongo wawo wa amayi, amene ankasoka nsapato pansi pa kashedi pafupi ndi msika wa Soweto. Ndiwo anasoka nsapato yanga yoyasama ija, n'kuiikira chidendene cha tayala. Ankanditcha ba madamu. Ndikangotulukira ankaponya pansi nsapato ya kasitomala, n'kupukuta benchi ndi chipewa chawo kuti ndikhalepo, n'kutuma wina akandigulire vitumbuwa. Kwa iwo sindinkalakwa.

Amayi anabwera m'nyengo yozizira, fumbi litabwerera m'malo mwa matope. Anatsika pa takisi ali owonda, masaya atalowa, manja atakakala ndipo akununkha mankhwala otsukira zimbudzi. Aneba anadzaza pakhomo. Mwambo wathu ndi wodziwika: mwana amagwada, n'kuwomba m'manja, n'kulandira katundu. Ine ndinaima chilili pa chitseko, manja ndapinda pachifuwa.

"Mwabwela, ba mulendo," ndinatero.

Anthu anayang'ana pansi. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundidutsa kulowa m'nyumba. Sanandimenye, sanalire. Amayi si munthu wolira pagulu, ndipo ndikanakhala ndi nzeru ndikanakumbukira kuti ukali wangawu ndinayamwira kwa iwo. Masiku atatu tinakhala m'nyumba imodzi osalankhulana, tikupatsirana mchere kudzera kwa ba Enelesi.

Lachinayi m'mamawa, kunja kukungoyamba kuyera, bulangete langa linachotsedwa mwamphamvu.

"Uka. Lelo shipi yafika pa doko. Uli na malumu eitini."

Ndinkayesa apenga. Anandionetsa bedi lawo, bedi limodzi lokhalo la m'nyumba mwathu, n'kundiuza kuti ndiliyale. Ndinaliyala monga ndinkachitira masiku onse. Anagwira nsalu pakona n'kuikoka, zonse n'kugwera pansi. Anandionetsa kamodzi kokha mmene amayalira pa sitima: kunyamula matiresi, kupinda ngodya ngati envulopu, kukoka nsalu mpaka isatsale ndi khwinya, kumenya mapilo, kupinda thaulo kuti lioneke ngati njovu. Ndikamaliza, ankayendetsa chikhatho pamwamba, ndipo kukakhala bwino ankati, "Lumu wanu," kutanthauza kuti chipinda choyamba chatha, n'kufumula zonse kuti ndiyambe chipinda chachiwiri. Kukakhala khwinya, chipindacho sichinkawerengedwa. Pakati pa bedi ndi bedi ndinkakwecha beseni ndi kukolopa pansi ndili chogwada.

Chimene chinandipweteka koposa si msana ayi. Amayi anadzisandutsa mzungu wokwera sitima. Ankalowa n'kuponya makoko a nthochi pamene ndangokolopa, n'kunditchula dzina lolakwika, n'kundikodola ndi chala. Ndipo nthawi iliyonse akalowa ndinkayenera kuimirira, kumwetulira, n'kuwafunsa ngati agona bwino.

"Seka!" ankatero ndikakwinya nkhope. "Pa shipi sitikwiya. Ukakwiya bakulemba, bakubweza kwanu. Seka, nione meno!"

Ndinkaseka misozi ili m'maso, ndikuwatukwana mumtima. Ba Enelesi anakhala panja ndi makala awo, osalowererapo. Tiyi ndinamwa choimirira. Pofika masana mawondo anali atasupuka, ndipo njovu yanga yomaliza inkaoneka ngati chule.

Amayi anayang'ana wotchi, n'kundiuza kuti ndaweruka, nditha kutsika m'sitima.

"Manje wakomboka. Ungaseluke. Ba malume bako bakufuna ku Soweto, bali na vinthu vako. Uli na awala imozi na hafu. Ikakwana nivala chitseko. Shipi siyembekeza munthu."

Sindinadikire kuti abwereze. Mtima wanga unalumpha, chifukwa ndinadziwa kuti amalume akamva zimene mlongo wawo wandichita, abwera okha kudzawazazira. Ndinathamanga. Kuchokera kwathu kufika ku Soweto ndi mtunda wa mphindi makumi atatu ndi mphambu kwa munthu wopumula bwino, ndipo ine ndinali nditatheratu. Ndinadutsa pakati pa mawilibala, maminibasi ndi anyamata oitanira, fumbi likulowa m'kamwa. Penapake anthu anali atazungulira munthu wochita zoseketsa, ng'oma ikulira, ndipo tsiku lina lililonse ndikanaima. Sindinacheuke n'komwe. Ndinafika pa kashedi kaja ndikupuma mwawefuwefu, mawu osatuluka.

Amalume anali atawerama, akusoka nsapato yofiira ya mayi wina. Sanadzutse mutu.

"Ba malume!"

Anakoka ulusi, n'kuuluma ndi mano.

"Ba malume, ndine Tisa. Ba mami bakamba ati mwaniitana."

Apo anandiyang'ana, ngati mmene munthu amayang'anira mwana wosokera wa eni ake.

"Tisa? Ine nilibe mwana wa zina iyo. Nkhala kwamene wachokela."

Anatembenuka pa mpando wawo n'kundipatsa msana. Benchi lija linali pomwepo, fumbi lili mbuu, osapukuta. Ndinaima. Ndinkayembekeza kuti aseka, anena kuti ba madamu khalani pansi, koma ndinangoona msana wa malaya awo ndi chigongono chikupita uku ndi uku. Anthu ankandigunda podutsa. Ndinali nditathamanga mtunda wonsewo ndi mawu odzaza pakamwa, ndipo panalibe woti ndimuuze. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Chimene chinandidzidzimutsa ndi wailesi ya pa sitolo ina imene inatchula nthawi, ndipo ndinatembenuka n'kuyambanso kuthamanga, tsopano ndikulira poyera.

Ndinapeza chitseko chotseka. Ndinagogoda, ndinamenya ndi zibakera, ndinaponda ndi nsapato ya tayala ija. Amayi anatsegula windo lokha.

"Wachedwa na maminitsi teni. Shipi yayenda."

Ndinakhala pansi pa khonde, nditatsamira khoma. Iwo anakoka mpando n'kukhala m'kati, pafupi ndi windo, ndipo analankhula osandiyang'ana. Anandifotokozera za kudoko kuja. Anati sitima ikakocheza m'mamawa, azungu amatsika pa khomo lalikulu, akulandiridwa ndi ng'oma zosulidwa ku migolo, n'kumwazikana kupita kumchenga, kumisika ya mikanda ndi kumalo omwera. Antchito amatsala m'kati kuyala mabedi. Ukamaliza zipinda zako, ndipo kapitawo akalola, umatulukira pa kakhomo ka pansi, dzuwa lili paliwombo. Ndiye umathamanga. Umadutsa nyumba zokongola zija, umadutsa ogulitsa, n'kukwera chitunda mpaka kuseri kwa sitolo ina kumene intaneti ndi yaulere. Kumeneko, pafupi ndi migolo ya zinyalala, antchito a mitundu yonse amakhala pansi m'mbali mwa khoma, aliyense akukuwira ana ake m'chinenero chake. Mphindi khumi, mwina khumi ndi zisanu, hutala ikalira onse n'kudzuka kutsika chitunda. Anati miyezi isanu ndi inayi yonseyo sanaviikepo ngakhale chala m'nyanja imene ndinaiona pa chithunzi.

Chipewa chija sichinali chawo. Chinali cha mayi wina wogulitsa zipewa m'mbali mwa msewu, wakuda ngati ba Enelesi, amene ankawaona akudutsa chothamanga Lachinayi lililonse la sitima. Tsiku lina anawagwira mkono, n'kuwafunsa chimene ankathamangira. Atamva za mwana, anawaveka chipewa ndi magalasi a pa tebulo lake, n'kutola kokonati amene mzungu wina anasiya pa khoma atamwa kale, n'kuwajambula. Zonse zinatenga mphindi imodzi.

"Nenze kufuna uone ati nili bwino, usazinidela nkhawa," anatero amayi. "Yangana pansi pa foto."

Ananditulutsira chithunzicho pa windo. Ndinali nditachiyang'ana kambirimbiri ndi chidani, koma maso anga ankathera pa chipewa ndi pa nyanja. M'munsi mwenimweni munali nsapato zakuda zantchito, zophwatalala, zomwe zija anabwera atavala.

Mungayese ndinagwada pomwepo n'kupepesa. Ayi ndithu. Liuma langa silinali lotha ndi tsiku limodzi.

"Nanga munayendelanji?" ndinafunsa.



"Iyo funso nimazifunsa neka," anayankha, n'kutseka windo.

Anandisiya panja mpaka dzuwa litapendeka. Atatsegula sitinakumbatirane, anandipatsa madzi otentha oti ndithowe mawondo, basi. Amalume anabwera mawa lake ndi vitumbuwa dzaza pepala, akulephera kundiyang'ana m'maso poti anamvera amayi n'kundikana, ndipo ndinawanyanyala mwezi wathunthu. Kupepesa kwanga kunabwera mochedwa, kutatsala masiku awiri kuti amayi abwerere ku sitima, ndipo kunali kwa mawu atatu onenera pansi. Mpaka lero ndimati chilango chija chinapyola muyeso kwa mwana wa msinkhu umenewo. Ndinawauzapo amayi nditakula, ndipo anangondifunsa kuti, "Koma unamvela?" Ndinamva. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu sindinaphonyepo foni ya Lachinayi, ndipo akamapuma mwawefuwefu ndinkayamba ndawadikira kuti mtima ukhale pansi.

Ndinkayesa phunziro linathera pamenepo. Koma mbali imene inkandiwawabe, ngakhale nditakula, inali miyezi inayi ija. Ndinkati chabwino, ndinalakwa, koma ndinali mwana. Munthu wamkulu angakhale bwanji miyezi inayi osafuna kumva mawu a mwana wake? Funso limeneli ndinalitulutsa nditabereka mwana wanga woyamba, ba Enelesi atabwera kudzandithandiza kumusambitsa. Anali atakalamba, koma lilime linali lomwe lija.

"Iwe ndiwe chipuba," anatero akupukuta khanda. "Uganiza foni nenze kuisiyila chani pa tebulo? Sinenze kuijuba."

Anandiuza kuti amayi ndiwo anawapempha kuti asamadule foni. Amayiwo ankaopa kundiitana, chifukwa sakanatha kumvanso mawu aja kenaka n'kubwerera kukamwetulira azungu. Koma sakanathanso kukhala osandimva. Ndiye ankalankhula ndi akulu awo mphindi ziwiri zokha, ndipo zotsalazo ankakhala pansi kuseri kwa sitolo ija, foni ili kukhutu, akumvetsera ine ndikusesa mpaka hutala italira.

Ndinalandira mwana n'kumuika pabedi. Ndinakumbukira zonse zimene ndinkanena ndi tsache lija. Madzulo ake ndinapita kwa amayi, amene tsopano mawondo awo salola kuti agwade ngakhale kutchalitchi, n'kuwafunsa ngati anamvanso za kumira kwa sitima.

"Ninamvela," anatero, akusenda nyemba. "Wenze kupyanga bwino na tsache yako."

Ndili mwana ndinkayeza chikondi ndi maso: amene ndikumuona pakhomo ndiye wanga, amene ali pa chithunzi wanditaya. Tsopano ndikudziwa kuti munthu akhoza kukhala nawe m'chipinda iwe osadziwa, ndiponso kuti amene wakutumizira chithunzi akuseka mwina wakubisira zambiri kuti iwe ugone tulo. Nyanja ya ku Karibiyani sindinaionepo, ndipo sindiilakalaka. Ndikamva anthu akusimba za nyumba zake zokongola ndi mchenga wake, ine ndimangoona mayi wovala nsapato zakuda, amene anamva mwana wake akumufunira imfa, n'kubwerera kukayala mabedi, ndipo patatha milungu iwiri n'kuthamanganso kukwera chitunda chija kuti akamve tsache langa.